Mbiri ya Lenti: Masiku 40 Odikira Abale

Akhristu oyambirira analibe nyengo ya Lenti. Chimene anali nacho ndi Lamulungu la mlungu ndi mlungu, pamene ankasonkhana kunyema mkate, ndiponso usiku umodzi waukulu pa chaka, usiku wa Pasaka. Usikuwo ukamayandikira, iwo ankaleka kudya. Kunali kusala kwa anamfedwa. Ambuye awo anapachikidwa Lachisanu, Loweruka anagona m'manda, tsono chakudya chikanatsika bwanji pakhosi? Tertullian, mlembi wa ku Carthage kumpoto kwa Africa, amene ankalemba cha m'ma 200, anafotokoza kuti masiku amenewa ndi aja Yesu ananeneratu, oti mkwati adzachotsedwa pakati pa anzake ndipo anzakewo adzasala.

Kutalika kwa kusalako kunkasiyana dera ndi dera. Cha m'ma 190, Irenaeus, episkopi wa ku Lyon, analembera kalata Papa Victor wa ku Roma pa mkangano wa tsiku lochitira Pasaka. M'kalatamo anatchula kuti ena amasala tsiku limodzi, ena masiku awiri, ena ochulukirapo, ndipo ena amawerenga maola 40, usana ndi usiku womwe. Anawonjeza kuti kusiyanako kunayamba kale, m'nthawi ya makolo awo, koma sikunadanitse anthu. Zaka za m'ma 200 zili mkati, mipingo ya ku Syria ndi ku Alexandria inali itatalikitsa kusalako kufika masiku asanu ndi limodzi, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ku Syria ankangolawa mkate, mchere ndi madzi dzuwa litapendeka, ndipo Lachisanu ndi Loweruka osaika kanthu mkamwa.

Nanga kuchoka pa masiku owerengekawa, zinatheka bwanji kufika pa 40? Ambiri amayankha kuti mpingo unkatsanzira Yesu amene anasala masiku 40 m'chipululu, Mose pa phiri la Sinai, ndi Eliya pa ulendo wake wa ku Horebu. Nzoona, chiwerengerocho chinachokera kumeneko. Koma chimene chinakoka nyengoyi kuti italike ndi anthu, magulu awiri a anthu amene mpingo unkawadikira pakhomo: olowa kumene, ndi ena amene anagwa ndipo ankafuna kubwerera.

Tiyambe ndi olowa kumene. M'masiku amenewo munthu sankabatizidwa lero ndi lero. Ankayamba wakhala mkatekumeni, m'madera ena mpaka zaka zitatu, akuphunzira ndi kuonetsa kuti moyo wake wasintha. Wosema mafano ankauzidwa kuti asiye ntchitoyo, chimodzimodzinso womenyana ndi anzake mpaka imfa m'mabwalo a masewera. Tertullian yemwe uja analemba kuti tsiku loyenera ubatizo kuposa masiku onse ndi la Pasaka, popeza wobatizidwa amamira m'imfa ya Khristu ndi kuvuuka naye pamodzi. Tsono pali mfundo imene Justin, yemwe anaphedwa ku Roma chifukwa cha chikhulupiriro, analemba cha m'ma 155 pofotokozera mfumu ya Aroma mwambo wa akhristu. Anati ofuna ubatizo amaphunzitsidwa kupemphera ndi kusala popempha chikhululukiro cha machimo awo akale, ndipo akhristu ena onse amapemphera ndi kusala nawo limodzi. Kabuku kena kakale kuposa apo, kotchedwa Didache, kanalangiza zomwezo: wobatiza asale, wobatizidwa asale, ndi ena onse amene angathe. Muzu wa Lenti uli pamenepa. Mkhristu wakale ankagona ndi njala chifukwa mnzake watsopano ali pa ulendo wovuta ndipo sayenera kuuyenda yekha.

Gulu lachiwiri linabadwa m'misozi. M'chaka cha 250, mfumu Decius inalamula kuti munthu aliyense m'dziko la Aroma apereke nsembe kwa milungu pamaso pa akuluakulu a boma, kenaka alandire chikalata chochitira umboni. Zikalata zotere zoposa 40 zinapezeka mu mchenga wa ku Egypt ndipo zilipo mpaka lero, zolembedwa dzina la munthu, mudzi wake ndi mawu a mboni. Akhristu ena anakana naphedwa. Ena anathawa. Koma ambiri, chifukwa cha mantha, anapereka nsembeyo kapena kugula chikalatacho mwachinyengo. Mazunzo atatha chaka chotsatira, anthu aja anabwera kudzagogoda pa tchalitchi. Tangoganizani: mayi amene mwamuna wake anafera m'ndende atakana kupereka nsembe, lero akuona mnansi wake amene anagonja akupempha kukhala naye pa gome limodzi la Ambuye.

Mkangano unabuka woopsa. Ku Roma, wansembe wophunzira kwambiri dzina lake Novatian anati mpingo ulibe mphamvu yolandiranso anthu otere. Papa Cornelius, pamodzi ndi Cyprian episkopi wa ku Carthage, anakana maganizo amenewo. Msonkhano wa maepiskopi ku Carthage m'chaka cha 251 unagamula kuti ogwa alandiridwe, koma atayamba alapa kwa nthawi yoyenerana ndi kukula kwa cholakwa chawo. Ndimaona kuti chigamulo chimenechi ndi chimodzi mwa zazikulu m'mbiri yonse ya chikhristu. Mpingo unakana kukhala gulu la ngwazi zokhazokha. Unavomera kuti chikondi cha Mulungu chimafikira ngakhale munthu amene anamukana poyera. Cyprian mwiniwake anadulidwa mutu m'chaka cha 258, ndiye palibe anganene kuti anafewetsa zinthu chifukwa cha mantha.

Kulapa kwake sikunali kwamasewera. Wochimwa tchimo lalikulu, monga kukana chikhulupiriro, kupha kapena chigololo, ankavala chiguduli, kudzithira phulusa, ndi kuima pamalo akeake m'tchalitchi. Nthawi ya Ukaristia ikakwana ankatulutsidwa. Ankagwada pamaso pa ansembe ndi abale kuwapempha kuti amupempherere. Mwayi umenewu unali wa kamodzi kokha pa moyo wonse. Ku Roma, monga Papa Innocent woyamba analembera m'chaka cha 416, olapawa ankayanjanitsidwa ndi mpingo Lachinayi loyandikana ndi Pasaka, kuti akadye nawo phwando. Choncho milungu yomaliza Pasaka isanafike inasanduka nthawi imene magulu awiri aja ankamalizitsa ulendo wawo, mpingo wonse ukuwaperekeza.

Mfumu Constantine itapereka ufulu wachipembedzo m'chaka cha 313, anthu anakhamukira ku mpingo mwaunyinji, ndipo panafunika dongosolo lowakonzekeretsa onse pamodzi. Malamulo a msonkhano wa ku Nicaea wa m'chaka cha 325 amatchula nyengo ya masiku 40 ngati chinthu chodziwika kale. Komabe sikuti inafalikira tsiku limodzi. Cha m'ma 340, Athanasius episkopi wa ku Alexandria, ali ku Roma kumene anathawira adani ake, analembera mnzake Serapion kumupempha kuti alimbikitse akhristu a ku Egypt kusala masiku 40, kuopa kuti angasanduke choseketsa pomadya dziko lonse likusala. Lero mipingo ya ku Egypt ndi ku Ethiopia ndiyo imasala kuposa onse: masiku 55, osakhudza nyama, mkaka kapena mazira, ndipo ambiri salawa kanthu mpaka masana.

Chithunzi chooneka bwino cha Lenti ya nthawi imeneyo tinachilandira kwa mayi wina woyendayenda, Egeria, wochokera kumadzulo kwa Ulaya, amene anakhala ku Yerusalemu pakati pa 381 ndi 384 nalembera anzake a kwawo zonse zimene anaona. Zolemba zakezo zinatayika kwa zaka mazana ambiri mpaka zinapezeka ku Arezzo, m'dziko la Italy, m'chaka cha 1884. Akuti ku Yerusalemu Lenti inkatenga milungu 8, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu sankasala. Ofuna ubatizo ankalembetsa mayina nyengoyo isanayambe. Tsiku lotsatira episkopi ankakhala pa mpando pakati pa tchalitchi chachikulu, ansembe mbali iyi ndi iyo, ndipo olembetsa aja ankabwera mmodzimmodzi, mwamuna ndi bambo womuimirira, mkazi ndi mayi womuimirira. Episkopi sankafunsa mwini wake. Ankatembenukira kwa anansi ake: kodi munthuyu amakhala bwino ndi anthu? Amalemekeza makolo ake? Si chidakwa kodi, kapena wodzitama? Anansi akamuchitira umboni wabwino, episkopi ankalemba dzina lake ndi dzanja lake. Akapezeka ndi chifukwa, ankauzidwa kuti apite akakonze kaye moyo wake, adzabwerenso. Mlendo wopanda womudziwa ankavutika kuti alandiridwe.

Kuyambira pamenepo ankaphunzira maola atatu m'mawa uliwonse. Episkopi ankayamba ndi buku la Genesis n'kudutsa m'Malembo onse, ndipo akhristu akale amene anali ndi mpata ankabwera kudzamvera nawo. Pakatha milungu isanu ankawaphunzitsa mawu a chikhulupiriro monga mpingo wa kumeneko unkanenera, ndipo Pasaka itatsala pang'ono aliyense ankanena pamtima pamaso pa episkopi. Episkopi wa Yerusalemu m'zaka zimenezo anali Cyril, amene maphunziro ake kwa akatekumeni akalipobe.

Koma chimene chimandigwira mtima m'zolemba za Egeria ndi nkhani ya chakudya. Analipo ena olimba amene ankadya Lamulungu, osadyanso mpaka Loweruka m'mawa. Ena ankadya pakati pa mlungu, ena ankadumpha masiku awiri, ena ankadya madzulo aliwonse. Odzimana kwambiri sankalawa mkate, mafuta kapena zipatso. Ankamwa madzi ndi kaphala ka ufa basi. Tsono Egeria akuti panalibe wolamula mnzake muyeso. Aliyense ankachita monga angathere, wochita zambiri osatamandidwa, wochita zochepa osanyozedwa. Maso a mpingo sanali pa mbale ya munthu. Anali pa anthu aja okonzekera madzi a ubatizo.

Mmodzi mwa anthu amene anadutsa njira yotere ndi mwana wa mu Africa, Augustine wa ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Analembetsa dzina ku Milan kumayambiriro kwa Lenti ya 387, ndipo episkopi Ambrose anamubatiza usiku wa Pasaka, pa 24 kuchezera 25 Epulo, pamodzi ndi Adeodatus, mwana wa Augustine. Mayi ake, Monica, anali atamulirira zaka zambiri. Ku Roma nako, m'zaka zomwezo, kunachitika chinthu chimene mzinda wonse unakamba. Fabiola, mayi wa banja lolemera ndi lotchuka, anasiya mwamuna wake woyamba amene anali wamakhalidwe oipa, nakwatiwanso woyambayo akali moyo. Mwamuna wachiwiri atamwalira, Fabiola anabwera ku tchalitchi cha Lateran Pasaka itatsala tsiku limodzi, atavala chiguduli, tsitsi lili nyankhalala, naima m'gulu la olapa. Jerome, amene ankamudziwa, analemba kuti episkopi, ansembe ndi anthu onse analira naye. Atalandiridwa, anagulitsa chuma chake namanga nyumba yosamaliramo odwala. Ankatola yekha odwala m'misewu, ena kuwanyamula pamapewa, ndi kutsuka zilonda zimene ena sankafuna ngakhale kuziyang'ana. Anamwalira m'chaka cha 399. Munthu amene mpingo unalira naye anasanduka wolira ndi ena, ndipo ndi mmene chikondi cha Mulungu chinkayendera m'nyengo imeneyi: kuchoka kwa wolandira kupita kwa wina.

Aphunzitsi a mpingo sanalole kuti kusala kuyende kokha. Papa Leo, amene analamulira kuyambira 440 mpaka 461, ankabwereza chaka ndi chaka m'maulaliki ake kuti chimene munthu wadzimana chisanduke chakudya cha wosauka, ndi kuti Lenti ndi nthawi yothetsa udani ndi kukhululukira olakwa. Benedict, polemba malamulo a amonke ake ku Italy m'zaka za m'ma 500, anati aliyense apungule pa chakudya, tulo ndi zolankhula, koma adikire Pasaka ndi chimwemwe. Analamulanso kuti aliyense apatsidwe buku loti awerenge kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Papa Gregory, wa zaka za 590 mpaka 604, anawerenga kuti milungu isanu ndi umodzi, kuchotsapo masiku a Lamulungu, ikupereka masiku 36, ndipo anawatcha chakhumi cha chaka choperekedwa kwa Mulungu. Pambuyo pake mpingo unawonjezera masiku anayi kumayambiriro kuti akwane 40, ndiye chifukwa chake Lenti ya kumadzulo imayamba Lachitatu.

Kenaka magulu awiri aja anayamba kuzimiririka. Ulaya yense atakhala wachikhristu, obatizidwa anali makanda, ndipo akatekumeni akuluakulu anasowa. Kulapa kwa poyera nako kunali kolemetsa kwambiri, ndipo poti kunali kwa kamodzi, anthu ankazengereza mpaka ali pa mphasa ya imfa. Amonke a ku Ireland anabweretsa njira ina, yoti munthu aulule machimo ake mseri kwa wansembe nthawi iliyonse imene wagwa. Msonkhano wa ku Toledo wa m'chaka cha 589 unadzudzula mchitidwewu, koma anthu anaukonda, ndipo m'chaka cha 1215 msonkhano wa ku Lateran unalamula kuti mkhristu aliyense alape kamodzi pa chaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka.

Phulusa lija silinatayike. Olapa a poyera atatha, mpingo wonse unapita kukaima pamalo pawo. Cha m'ma 1000, Ælfric, mkulu wa amonke ku England, ankalemba kale za anthu onse kulandira phulusa pamutu, ndipo m'chaka cha 1091 Papa Urban wachiwiri, pa msonkhano wa ku Benevento, anati mwambowu ukhale wa aliyense, ansembe ndi anthu wamba, amuna ndi akazi. Patapita nthawi kunakhazikika kuti phulusalo lizichokera ku kanjedza wa chaka chatha. Mzere wa Lachitatu la Phulusa uli ndi tanthauzo lakuya chifukwa cha mbiri imeneyi. Chizindikiro chimene kale chinkapatula wochimwa chinakhala chizindikiro cha onse, kuyambira Papa mpaka mwana wa pamsana. Palibenso woima patali n'kumaloza mnzake chala.

Koma Lenti itatsala yopanda anthu owadikira, inayamba kusanduka nkhani ya m'khitchini. Lamulo linali loti munthu adye kamodzi pa tsiku, madzulo, osakhudza nyama, mazira, mkaka kapena batala. Pang'onopang'ono chakudyacho chinasunthira ku 3 koloko masana, kenaka pakati pa usana, ndipo madzulo kunaloledwa kakudya kopepuka. Okhala ndi ndalama ankapereka mphatso ku tchalitchi kuti aloledwe kudya zoletsedwazo. Ku Rouen, m'dziko la France, nsanja ina ya tchalitchi chachikulu imene inayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 imatchedwa nsanja ya batala, chifukwa zina mwa ndalama zomangira zinachokera kwa anthu opempha chilolezo chodya batala pa Lenti. Wolemera ankadya nsomba zonona atasunga lamulo, mmphawi ali ndi njala ya masiku onse. Apa zinthu zinali zitapotoka, ndipo sikudabwitsa kuti ena anaukira.

Pa 9 Marichi 1522, Lamulungu loyamba la Lenti, m'nyumba ya wosindikiza mabuku Christoph Froschauer ku Zürich, amuna angapo anaduladula masoseji awiri nagawana. Ena mwa iwo anali antchito otopa ndi ntchito yosindikiza usana ndi usiku. Wansembe wa mumzindamo, Huldrych Zwingli, analipo. Iye sanadye, koma nkhani itafika kwa akuluakulu a mzinda anaikira kumbuyo odyawo pa guwa. Mfundo yake inali yoti wofuna kusala asale, koma pasakhale wokakamiza mkhristu pa chinthu chimene Malembo sanalamule. Kukonzanso mpingo m'dziko la Switzerland kunayambira pamenepo. Otsatira Luther ndi Aangilikani anasunga nyengo ya Lenti koma anachepetsa miyambo yake. A ku Scotland anachotseratu masiku onse a chikondwerero, kusiyako Lamulungu. Mipingo ya kum'mawa, imene mkanganowu sunaikhudze, inasunga mwambo wokongola mpaka lero: madzulo a Lamulungu lomaliza Lenti isanayambe, wansembe ndi akhristu amaweramirana mmodzimmodzi kupemphana chikhululukiro.

Kugawikana kumeneku ndiko kunafika kwathu kuno pamodzi ndi amishoni. A Livingstonia anafika m'chaka cha 1875, a Blantyre 1876, a Dutch Reformed anamanga pa Mvera mu 1889, ndipo onsewa anachokera ku mwambo umene sunkasunga Lenti. Aangilikani, amene anakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, anabwera nayo. Akatolika nawonso: a Montfort pa Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndi a White Fathers pa Mua mu 1902. Ndiye chifukwa chake m'mudzi umodzi wina amabwera ndi phulusa pamphumi, mbale wake wa bere limodzi osadziwa n'komwe kuti lero n'lachingati pa kalendala ya mpingo. Komabe tikayang'anitsitsa, magulu awiri akale aja anatsitsimuka m'mipingo yonseyi. A Chipresibeteriya ali ndi a kalasi amene akuyembekeza ubatizo, ndiponso odulidwa amene amadikira kubwezedwa. Kwa Akatolika, Kadinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha White Fathers mu 1868, analamula amishoni ake kuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinayi asanabatizidwe, potsanzira mpingo wakale wa kumpoto kwa Africa. Agogo athu amene ankayenda mitunda italiitali kukaphunzira katekisimu ku mishoni anali kuyenda njira ya Augustine.

Zimene zinkachitika m'maiko a mishoni zinathandiza mpingo wa Katolika kukumbukira chiyambi chake. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha mapemphero cha 1963, unati Lenti ili ndi mbali ziwiri, ubatizo ndi kulapa, ndipo unalamula kuti ukatekumeni wa akuluakulu ubwezeretsedwe. Mwambo wake watsopano unatuluka mu 1972. M'chaka cha 1966 Papa Paul wachisanu ndi chimodzi anapeputsa malamulo a chakudya: kupunguza kunatsala pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kusala nyama pa masiku a Lachisanu. Lero lamulo losala nyama limayamba pa zaka 14, lopunguza limakhudza a zaka 18 mpaka 59. Ena amadandaula kuti Lenti inafewa. Ine ndimaona kuti katundu anangochotsedwa pa mbale n'kuikidwa pa mtima, ndipo pamenepo ndi polemera kuposa. Nayo Njira ya Mtanda, imene malo ake 14 anakhazikitsidwa ndi Papa Clement wa 12 mu 1731, yakhala pemphero la Lachisanu lililonse la Lenti m'maparishi ndi m'matchalitchi a kumidzi, kumene kawirikawiri amatsogolera ndi akatekisiti kapena akuluampingo poti wansembe safika mlungu uliwonse.

Amalawi tili ndi Lenti imodzi imene sitingaiiwale. Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre. Kalatayo inatchula poyera zimene anthu ankangonong'onezana: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira. Maepiskopi anaitanidwa ku polisi kukafunsidwa, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa referendamu nasankha ndale za zipani zambiri. Ena amaiona kalatayo ngati ya ndale chabe. Koma amene amatsatira mawerengo a Misa adziwa kuti Lachisanu lotsatira Lachitatu la Phulusa, chaka chilichonse, mpingo umawerenga Yesaya mutu 58, pamene Mulungu akukana kusala kwa anthu ozunza antchito awo, nafuna kuti omangidwa popanda chilungamo amasulidwe ndi anjala agawiridwe chakudya. Uthenga wa maepiskopi unali wofanana ndi mawu amene anawerengedwa masiku awiri m'mbuyomo, kungoti unkaloza dziko lathu.

Patsala funso limene ku Ulaya salifunsa kwenikweni. Kwathu Lenti imayamba mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Marichi, nkhokwe zili mbee, chimanga chikali m'munda, mabanja ambiri akudya kamodzi pa tsiku, ndiwo zake nkhwani. Munthu wotere ukamuuza kuti asale nyama Lachisanu, asala chiyani pamene nyamayo anailawa pa Khirisimasi? Papa Paul uja anaiona nkhaniyi m'chikalata chake cha 1966: anati kumene anthu ali pabwino, adzimane ndi kuthandiza osauka, kumene anthu ali kale pa umphawi, apereke mavuto awowo kwa Mulungu m'pemphero, uku ntchito yofuna chilungamo ikupitirira. Wanjala sakuuzidwa kuti awonjeze njala. Lenti yake ingakhale kukalankhula ndi mlamu amene anasiyana naye mawu chifukwa cha malire a munda, kapena kukagwirako khasu m'munda mwa gogo amene mphamvu zinamuthera. Koma wa malipiro a pamwezi, amene thumba la ufa lili m'nyumba, alibe pothawira: chakudya chimene wadumpha chili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo sakhala kutali.

Ngati mumasunga Lenti, chaka chino pitani kwa akatekisiti kapena kwa atsogoleri a mphakati wanu mukafunse mayina a akatekumeni amene abatizidwe usiku wa Pasaka, ndi a abale amene akukonzekera kubwerera ku masakramenti. Muziwatchula m'pemphero la pabanja madzulo, mukawachezere kwawo, ndipo tsiku limene mwasala muwauze kuti mwasala nawo. Ufa wa tsikulo muuyeze m'mbale, mwana akapereke kunyumba imene mukudziwa kuti sikunafuke utsi.